Mwaye wa Nyale ya Aroma

Ana asukulu ankawatchula kuti a Kalekale, chifukwa phunziro lawo lililonse linkayamba ndi mawu amenewo. Dzinali linatuluka m'kalasi, linalowa m'chipinda cha aphunzitsi, mpaka linakafika kwa wometa tsitsi kumsika. Eni ake sankadana nalo. Anali bambo wowonda, wa jekete limodzi lotha m'zigongono, ndipo ankaphunzitsa mbiri ya Agiriki ndi Aroma, ndi Chilatini pang'ono, m'kalasi ya kumapeto kwa khonde, pafupi ndi mpopi.

Ntchito anaiyamba akuphunzitsa chilichonse chimene chasowa mwini. Chaka china, m'nyengo yozizira, a ku yunivesite anaitana aphunzitsi kuti akaphunzire za anthu akale pa tchuthi. Ambiri anapitira tiyi ndi bedi laulere. A Kalekale anabwerako ndi chikwama chodzaza mabuku ndi maso achilendo. Akazi awo ankati, "Ndinaperekeza mwamuna wanga ku basi, koma amene anabwera ndi wina. Uyu amacheza ndi akufa."

Kuyambira pamenepo a ku yunivesite sanawataye. Ankawabwereka mabuku, ankawatumizira mafunso a mayeso akale, ndipo dzinja lililonse kunkabwera galimoto yoyera, mayi wina wovala magalasi n'kutsitsa bokosi lamatabwa. Bokosili linkazungulira masukulu, teremu ino kuno, teremu inayo kwina. M'kati mwake munali kamutu ka mfumu ina, cholembera chachitsulo ndi tina totero, zonsezo zopangidwa masiku ano mofanizira zakale. Chenicheni chinali chimodzi. Chinkagona pakona, m'kabowo ka siponji: kanyale kadothi kokwana m'dzanja, kokhala ndi kamlomo kotulukira chingwe. Kamlomoko kanali bii ndi mwaye.

Mayi wa ku yunivesite ankabwereza mawu omwewo chaka ndi chaka. "Ana agwire, aphunzitsi, musawamane. Manja sawononga. Koma madzi ayi, moto ayi."

Tsiku la nyale a Kalekale sankalemba pa bolodi. Ankaiika m'manja mwa mwana wa kutsogolo n'kudikira kuti izungulire.

"Kalekale," ankayamba motero, "munthu wina anathira mafuta umu n'kuyatsa. Dzina lake sitilidziwa. Mwina anali kapolo, mwina mayi wodikirira mwana wodwala. Mafumu anasiya zipilala ndi mayina awo pa miyala. Uyu anasiya mwaye uwu basi. Ukaukhudza, wakhudza madzulo ake."

Ngakhale aphokoso a kumbuyo ankakhala chete. Wina ankainunkhiza. Wina ankayang'ana chala chake kuti aone ngati chada. A Kalekale ankakhalira moyo ola limenelo.

A hedi sanali munthu woipa, koma mavuto anali nawo ambiri. Makompyuta amene sukulu inapatsidwa anali m'makatoni m'ofesi mwawo, opanda poika, ndipo kalasi ya kumapeto ija inali ndi chitseko cholimba. Ana osankha phunziro la a Kalekale ankacheperachepera. Makolo ankafunsa kuti Aroma analembapo ndani ntchito.

"A Kalekale, ndikuuzeni chilungamo," anatero a hedi tsiku lina pakhonde. "Chimene chikusunga kalasi yanu ndi galimoto yoyera ija. Makolo akaiona pageti amati sukulu yathu imadziwana ndi yunivesite. Tsiku limene idzasiye kubwera, ine ndilibe poyankhira. Ndidzakupatsani ana ongoyamba kumene, muziwaphunzitsa kusamba m'manja ndi malamulo a pamsewu."

Anaseka kuti mawuwo apepuke. A Kalekale nawonso anaseka, koma tsiku limenelo choko chinkawathyokera m'manja.

Dzinja la chaka chimenecho linabwera mwaukali. Msewu wa kusukulu unasanduka phala, nsapato za ana sizinkauma, makoma anamera ndere. Malata a chipinda chosungiramo mabuku anayamba kudontha. Lachisanu lotsekera teremu a Kalekale anapeza madzi atafika m'munsi mwa shelefu pamene pankakhala bokosi. Galimoto inkabwera Lolemba kudzalitenga. Anaganiza kuti kunyumba ndiye kotetezeka. Analimangirira pa njinga, analifunditsa jekete lawo, eni ake n'kunyowa njira yonse.

Akazi awo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina, ndi kunyumba komwe. Nyumba yawo inali yaing'ono, koma pansi pake unkatha kudzionera nkhope. Mayiyu anali ndi lamulo limene ana awo onse anakulira nalo: chinthu chobwereka chizibwerera kwa mwini chili choyera. Poto wa aneba ankabwerera akuwala kuposa tsiku limene anagulidwa. Za Aroma anazimva zaka zambirimbiri mpaka makutu anaphunzira kudzitsekera okha.

"Ichi n'chiyaninso chikulowa m'nyumba mwanga ndi matope?"

"Katundu wa ku yunivesite, mayi. Lolemba abwera kudzatenga." Anatsegula bokosi. "Iyi ndi nyale ija ndimakuuzani."

"Koloboyi ameneyu? Zaka zonsezi mwakhala mukundisokosa chifukwa cha koloboyi?" Anawerama n'kukwinya mphuno. "Litsiro lake abale!"

A Kalekale anaseka. Anali atatopa, madzi akutsika m'khosi, ndipo za madzi ndi moto sananene. Kwa iwo zinali zodziwikiratu. Ndani amauzidwa kuti asachape buku?

Loweruka kunacha bwino. Dzuwa linatuluka patapita masiku ambiri, ndipo amayi a mumzere wonsewo anatulutsa zochapa, zingwe zonse zinadzaza. A Kalekale anapita kukameta kuti mlendo wa Lolemba asawapeze ngati tchire. Pobwera anadzera kuseri kwa nyumba. Pa thandala panali mbale, makapu, mapoto ozondotsa, ndipo kumapeto, padzuwa penipeni, kanthu kofiira ngati njerwa yowotcha kumene.

Anagwira mtengo wa thandala, mbale zinalira.

"Mayi!"

Akazi awo anatuluka akupukuta manja, nkhope ili yowala. "Mwakaona? Kanandivuta kanthu kanu. Ndinachita kukanyika m'madzi a sopo, kenako waya wotsukira mapoto. Koma kayera."

A Kalekale anainyamula. Inali yolemera, yozizira, dothi litamwa madzi. Anaitembenuza kuno ndi uko. Kamlomo kanali kofiira ngati kwina konse, ndi timizere ta waya.

"Mwaye uja uli kuti?"

"Uli kuti? M'ngalande. Mumafuna ndiusunge m'botolo?"

A Kalekale anapitadi kungalande. Anagwada, thalauza lopitira kometa lomwelo, n'kuyang'ana. Munali thovu la sopo, makoko a anyezi ndi madzi otuwa akutsetserekera kumsewu.

"Mwandipha, mayi."

"Ndakuphani? Inu bambo, mumafuna anthu ophunzira aja akatsegule bokosi n'kunena kuti kwa aphunzitsi kulibe mkazi? Chinthu cha eni chibwerere chili bii, ine ndili moyo?"

"Mwaye ujawo ndiye unali phunziro lonse! Dothi ndi dothi, lili paliponse. Koma uja unali wa munthu. Unadutsa nkhondo, unadutsa nyanja, unadutsa m'manja mwa ana osasamba a sukulu yonse ija, n'kudzathera pa thandala langa!"

"Ndiye bwanji simunanene?"

A Kalekale anadzuka pangalandepo, nyale ili m'manja.

"Munangoseka," anatero akazi awo, mawu atatsika. "Ndinati litsiro lake, inu n'kuseka."

Mayiyo analowa m'nyumba. Makina osokera sanalire tsiku limenelo. Chakudya chinazizira patebulo, ntchentche zokha zinadya. A Kalekale anakhala pakhonde nyale ili pa bondo, akuganiza za galimoto yoyera, za makatoni a m'ofesi ya a hedi, za ana awo ochepa aja amene ankayembekezera mayeso, ndi ena a makalasi a m'munsi amene ankasuzumira pawindo tsiku la nyale n'kumati chaka chamawa tidzagwira nafenso. Zaka zopuma pa ntchito zinali pafupi. Phunziro likachoka pa ndandanda panopa, silidzabwereranso iwo ali pasukulupo.

Lamlungu masana mitambo inabweranso. Kunada ngati madzulo, mphepo inakankha zitseko, magetsi anazima. Akazi awo anabwera kudzakhala pa mpando wina, maso atatupa.

"Mwaye ndi mwaye, bambo. Tiyatse pang'ono, kamlomo kade, basi. Ndani adzaufunse zaka zake?"

"Limenelo ndi bodza."

"Ndi bodza, inde. Nanga malamulo a pamsewu muwatha? Inu amene njinga mumaiyendetsa pakati pa msewu mukulankhula nokha?"

"Anatiuza kuti moto ayi."

"Anatinso madzi ayi, mwatero. Kumeneko tadutsako kale."

Mvula inayamba kugogoda pa malata. Moyo wawo wonse a Kalekale anali asananamizepo a ku yunivesite ngakhale pa tsamba limodzi long'ambika. Koma m'maganizo anaona a hedi akuseka pakhonde, anaona amisiri akukhoma zitsulo pamawindo a kalasi yawo. Anangogwedeza mutu kuvomera.

Akazi awo anang'amba kansalu koyera kathonje m'thumba la zotsala, anakapota pabondo mpaka kanakhala chingwe. Anathira mafuta ophikira ndi supuni. Nyale anaiika pa kabati, pafupi ndi khoma, kuthawa mphepo yolowera pansi pa chitseko. Aphunzitsi anayesa, machesi awiri anathyoka. Akazi awo ndiwo anayatsa.

Moto unayamba wabuluu, ngati ukufuna kufa. Kenako unaima, wachikasu, wautali ngati chala cha mwana, utapendekera kukhoma. Sunawalitse chipinda. Unangowalitsa manja awo, nkhope zawo ndi mbali ya kabati, kwina konse mdima unakulirakulira. Zithunzithunzi zawo zinakwera kudenga n'kumagwedera. Kunamveka fungo la mafuta otentha ndi la dothi, ngati la mvula yoyamba.

Zaka zonse zija a Kalekale ankauza ana kuti anthu akale ankawerenga ndi kusoka pa kuwala kwa nyale yotereyi. Anali asanakuonepo kuwalako.

"Kameneka basi?" ananong'ona akazi awo. "Apa munthu angalowetse ulusi?"

Anasolola singano pa kolala ya diresi, ananyowetsa ulusi ndi milomo, anawerama mpaka tsitsi linatsala pang'ono kupsa. Ulusi unaphonya, unaphonyanso, kenako unalowa.

"Mayi wanu uja wa mwana wodwala," anatero, "anali ndi maso. Koma msana unkamupweteka."

"Mumamvatu, mayi? Ine ndimati simumva."

"Ndimamva. Kungoti mumabwereza."

Kamlomo kanali katada kale. Mpamene anayenera kuzimitsa. A Kalekale anakweza dzanja, koma silinafike. Anati pang'ono pokha, ndionenso pang'ono pokha. Anaiwala kuti dothi lija linali lisanaume m'kati.

Kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati kamtengo kouma kathyoka. Kamlomo kanagwera pa kabati. Mafuta anayenderera, moto n'kuwatsatira, malawi ananyambita khoma. Akazi awo anaponyapo kansanza konyowa kopukutira mbale. Mdima unabwerera, ndi utsi, ndi mvula pa malata.

Patapita nthawi a Kalekale anafufuza ndi zala mpaka anakapeza kachidutswako. Kanali kakutenthabe.

Lolemba galimoto yoyera inaima pageti matayala ali matope okhaokha. Ana anali pa tchuthi, sukulu inali zii. A Kalekale anamulandirira mlendoyo m'kalasi yawo, bokosi lili patebulo, kamlomo atakakulunga m'mpango wawo wam'thumba.

"Aphunzitsi, mwameta bwino. Ana anagwira?"

"Anagwira, mayi. Khalani kaye pansi."

Anafotokoza mwachidule, ataimirira ngati mwana wochedwa. Denga linadontha, bokosi linapita kunyumba, nyale inatsukidwa chifukwa iwo sananene, ndipo anaiyatsa kuti abise. Mayiyo anavula magalasi n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Anakhala pa desiki ya mwana. Anaitenga nyale ndi manja awiri ngati mbalame yakufa.

Sanakalipe, ndipo a Kalekale anaona kuti bola akanakalipa.

"Nyale iyi si yanga," anatero mayiyo. "Ndi ya osunga zinthu zakale. Chaka chilichonse amandiuza kuti masukulu adzaswa, zizikhala m'kabati yagalasi. Chaka chilichonse ndimawatsutsa. Ndipo ndikamawatsutsa ndimatchula inu."

"Mayi, ndilangeni ine. Muwauze kuti nkhalambayo yasokonezeka mutu. Koma musatisiye. Bweretsani zofanizira zokhazo."

"Lamulo lawo ndi lakuti sukulu imene yawononga imachotsedwa. Sindigamula ndine."

"Ngakhale bokosi lopanda kanthu, mayi. Ngakhale mungodutsa. Muime pageti, mulize hutala, makolo aone, mubwerere. Ine zina zonse ndidzachita ndekha."

A Kalekale anazindikira kuti agwira mkono wa mlendo, anausiya. Mayiyo anayang'ana pawindo, kumene udzu wa pabwalo unali utatalika mpaka m'mawondo.

"Ndikayesa," anatero. "Koma musadalire. Ndikhala ndikumenyera kuti masukulu enawo asalandidwe nawo."

Za masukulu enawo a Kalekale anali asanaganizeko. Anakhala pansi.

Ananyamulira mlendo bokosi mpaka ku galimoto. Mayiyo analowa, analiza injini, kenako anatsitsa galasi.

"Aphunzitsi."

"Mayi."

"Inayaka bwanji?"

Anamuyang'ana kuti aone ngati akuwanyoza. Sankawanyoza. Nayenso anali atainyamula zaka zambiri osaionapo ikuyaka.

"Pang'ono kwambiri, mayi. Ngati chala cha mwana. Imaonetsa manja ndi nkhope ya amene uli naye pafupi, basi. Koma ulusi umalowa pa singano. Akazi anga anayesa."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anakweza galasi, galimoto inapita ikuterereka m'matope.

Mvula inatha. Udzu wa pabwalo unatchetchedwa, unauma, mphepo yozizira inayamba kulowera pamawindo osweka. A Kalekale ankaphunzitsabe, khutu limodzi lili kumsewu. Galimoto iliyonse yoyera inkawadula mawu pakati. Tsiku lina m'mawa wa nkhungu a hedi anawaitana. Foni inali itabwera. Masukulu ena apitiriza kulandira bokosi, lopanda chenicheni chilichonse. Sukulu yawo yachotsedwa.

"Ndinakuuzani, akulu," anatero a hedi, osaseka ulendo uno. "Amene akulemba mayeso amalize. Muziwaphunzitsira pakhonde. Kalasi ija amisiri ayamba mawa."

"Bwana, teremu imodzi yokha. Ndikapita ndekha ku yunivesite, ndikagwada."

"Mukagwadire ndani? Mayi uja wayesetsa, wandiuza yekha. Pepani, a Kalekale."

Ana a mayeso anamaliza ataunjikana pakhonde, mabuku pa mawondo, nyundo zikulira kumbuyo kwawo. Atachoka iwo, phunzirolo linachoka nawo. A Kalekale anapatsidwa ana ongoyamba kumene. Tsiku loyamba anaima patsogolo pawo, anatsegula pakamwa, mawu n'kutuluka okha: "Kalekale..." Ana anadikira. Iwo anayang'ana m'manja mwawo. Kenako anatembenuka n'kujambula msewu pa bolodi, ndi mizere yoyera yowolokera.

Kunyumba nkhani ya nyale sinatchulidwenso. Akazi awo anasiya kuwaseka za akufa, ndipo zimenezo zinkawapweteka kuposa kusekedwa. Madzulo ena mayiyo ankafunsa, maso ali pa nsalu, "Aroma aja, malaya ankasoka kapena ankangofunda?" A Kalekale ankayankha mwachidule. Tsiku lina anayankha motalika, ndipo mayiyo sanawadule.

Chilimwe chinafika ndi fumbi lake. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inayoyola masamba, mpopi wa kusukulu unayamba kutulutsa mpweya wokha. Monga mwa chaka chilichonse mvula isanagwe, akazi awo anatulutsa katundu panja kuti apake laimu m'nyumba. Mwana wawo wamkazi anabwera kuchokera kubanja kwake kudzathandiza. A Kalekale atabwera kuntchito anapeza makoma akuwala, fungo la laimu lili thoo, mwanayo ali ndi burashi m'manja pafupi ndi pamene pamakhala kabati.

Pakhomapo panali kamzere kakuda, kopendekera, kamene malawi aja anasiya. Laimu watsopano anali atakazungulira mbali zonse.

"Amayi, apa mwaiwala," anatero mwanayo, akuviika burashi.

"Pasiye."

"Koma pada, amayi. Inu kusiya litsiro pakhoma?"

"Ndati pasiye. Bwera undigwirire kabati."

A Kalekale anaimika njinga pakhomo, anavula jekete, n'kukagwira mbali inayo. Anaikankhira pamalo pake, chapambali pang'ono, kuti kamzereko kazioneka.